Magetsi a Mphepo ndi Mawaya Owanyamula: Mafunso ndi Mayankho pa Magetsi Otayika Panjira

Makina opukusa magetsi ndi mphepo amakopa maso. Mapiko ake akamazungulira pamwamba pa chitunda, wodutsa aliyense amatulutsa foni n'kujambula. Mawaya onyamula magetsiwo palibe amawajambula, chonsecho phindu kapena kuluza kwa ntchito yonse kumagona m'mawayamo. Mayankho ali m'munsimu atsamira kwambiri pa zimene zinachitika ku Lake Turkana m'dziko la Kenya, ndipo pena ndi pena tikhudzako za ku Texas (chigawo cha ku United States), China, Germany ndi South Africa.

Kodi magetsi amatayika bwanji poti waya sanaduke ndipo palibe waba?

Amasanduka kutentha. Mukaphika nyemba pa hotipuleti yolumikiza ku ekisitenshoni ya waya woonda, kenako n'kugwira wayayo, mumamva kufunda m'manja, mwina mpaka pulasitiki wake kufewa. Kufundako ndi magetsi amene mita yawerenga ndipo mwalipira, koma pamphika sanafike. Waya aliyense, wa kopa kapena wa aluminiyamu, amakanako pang'ono kuti magetsi adutse, ndipo kukanako ndiko kumabala kutentha. Waya akatalika kukana kumakula, akanenepa kumachepa.

Pali lamulo limodzi limene muyenera kuligwiritsa, chifukwa mayankho ena onse atuluka m'menemo. Kutayika sikukula mofanana ndi karenti, kapena kuti kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya, kumathamanga kuposa. Karenti ikawirikiza kawiri, zotayika zimawirikiza kanayi. Ikawirikiza katatu, zotayika zimawirikiza ka 9.

Mathiransifoma nawo amadyako. Chitsulo cha m'kati mwake chimatentha nthawi yonse imene thiransifoma ili pamoto, ngakhale pasadutse magetsi opita kwa munthu. Palinso magetsi othawira mumpweya. Mukaima pansi pa mawaya akuluakulu kuli chiperoni kapena mvula yowaza, mumamva kuthetheka kosalekeza pamwamba panu, ndipo amenewo ndi magetsi akutuluka pakhungu la waya. Zonsezi zikaphatikizana, dziko lapansi limataya magetsi pafupifupi 8 pa 100 alionse pakati pa opanga ndi ogwiritsa ntchito. Ku United States amataya pafupifupi 5 pa 100.

Nanga magetsi a mphepo amavuta pati kusiyana ndi ena onse?

Poyamba, mphepo sungainyamule palole. Malasha kapena dizilo mukhoza kuwatutira pafupi ndi mzinda n'kumanga siteshoni pomwepo, koma mphepo yabwino muyenera kuitsatira komwe ili: kuchipululu, pamwamba pa mapiri, pakati pa nyanja yamchere. Kumeneko kumakhala anthu ochepa, mafakitale kulibe, ndipo mawaya amene alipo amakhala oonda chifukwa anaikidwa kuti aunikire timidzi towerengeka.

Chachiwiri n'chobisika koma n'chachikulu. Mphepo imabwera mwamphamvu kenako n'kuzizira, ndipo mphamvu imene ili mumphepo imakwera msanga kwambiri. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza ka 8. Tsono kumbukirani lamulo lija. Tinene kuti waya wina wanyamula mamegawati 100 (megawati imodzi ndi makilowati 1,000) kwa maola awiri mosasintha. Waya mnzake wanyamula mamegawati 200 ola loyamba, ola lachiwiri n'kukhala opanda kanthu. Onse awiri apereka magetsi ofanana ndendende, koma wachiwiriyu wataya kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi woyamba. Magetsi a mphepo amayenda ngati waya wachiwiriyu. N'chifukwa chake mainjiniya sawerengera kutayika pogwiritsa ntchito avereji ya chaka, amawerengera ola ndi ola, popeza maola a mphepo yamkuntho ndi amene amadya kwambiri.

Ku Lake Turkana kunachitika zotani?

M'chigawo cha Marsabit, kumpoto kwa Kenya, kufupi ndi Loiyangalani, mphepo imapanikizika pakati pa mapiri a Kulal ndi Nyiru n'kumawomba mwamphamvu pafupifupi chaka chonse. Kumeneko anaimika makina 365 a kampani ya Vestas, alionse a makilowati 850, onse pamodzi mamegawati 310. Zipangizo zinachokera kudoko la Mombasa pamalole, ndipo anachita kukonza msewu wa makilomita oposa 200 kuti zifike. Pomwe chaka cha 2017 chimafika pakati, makina onse anali ataimikidwa.

Koma magetsiwo analibe podzera. Mawaya a makilomita oposa 400 ochokera ku Loiyangalani kupita ku Suswa, kumadzulo kwa Nairobi, anali asanathe. Ntchitoyo inali m'manja mwa kampani ya boma ya KETRACO, imene inapereka kontirakiti kwa kampani ya ku Spain ya Isolux Corsán. Kampaniyi inagwa m'ngongole n'kusiya ntchito panjira, komanso panali mikangano ya chipukutamisozi cha eni malo odutsa mawaya. Makampani a ku China ndiwo anamalizitsa, ndipo magetsi anayamba kuyenda mu September 2018. Pulezidenti Uhuru Kenyatta anatsegulira malowa mu July 2019.

Kwa nthawi yoposa chaka, makina atsopano anangoima mphepo ikuwomba. Malinga ndi mgwirizano, boma linayenera kulipira eni makinawo chifukwa cha magetsi amene akanapanga, ndipo mbali ina ya ndalamazo inakathera pabilu ya ogula magetsi. Tikamakamba za kutayika, ambiri amaganiza za maperesenti atatu kapena anayi otenthera m'waya. Ku Turkana m'miyezi imeneyo kunatayika zonse, 100 pa 100. Maganizo athu ndi akuti dziko lililonse lofuna magetsi a mphepo liyambe lamanga mawaya, makina abwere pambuyo. Makina amaimikidwa m'chaka chimodzi kapena ziwiri, pomwe mawaya aatali amadya zaka zambiri chifukwa amadutsa m'minda, m'manda ndi m'nkhalango za anthu, ndipo aliyense ayenera kumvedwa ndi kulipidwa moyenera.

Kodi kukweza voltage kumathandiza motani?

Iyi ndiyo njira yaikulu kuposa zonse. Voltage ndi mphamvu yokankha karenti m'waya, ndipo imayezedwa m'ma volt (V); 1 kV ndi ma volt 1,000. Mphamvu yofanana mukhoza kuinyamula ndi karenti yambiri pa voltage yotsika, kapena karenti yochepa pa voltage yokwera, ndipo chimene chimatenthetsa waya ndi karenti. Tiyeni tiwerengere. Kunyamula mamegawati 300 pa mawaya a 132 kV kumafuna ma amp (muyeso wa karenti) pafupifupi 1,300. Pa 220 kV ndi ma amp pafupifupi 790, ndipo pa 400 kV ndi pafupifupi 430 okha. Kuchoka pa 132 kV kufika pa 400 kV karenti yatsika katatu, kutanthauza kuti pa waya yemweyo zotayika zatsika ka 9. Mawaya a ku Suswa aja anamangidwa kuti athe kunyamula 400 kV pa chifukwa chimenechi.

Mtengo wake ulipo. Voltage yokwera imafuna nsanja zazitali, zotchinjiriza magetsi zambiri, malo aakulu olambula m'mphepete, ndi mathiransifoma odula. Pa mtunda waufupi ndi magetsi ochepa, ndalamazo sizibwerera.

Timamva za HVDC. N'chiyani, ndipo ndi liti imene imaposa AC?

Magetsi a m'nyumba zathu ndi a AC, amapita uku n'kubwerera ka 50 pa sekondi. A DC amangoloza mbali imodzi. HVDC ndi kunyamula magetsi a DC pa voltage yokwera kwambiri. Ubwino wake ndi wakuti karenti imayenda m'thupi lonse la waya pomwe ya AC imakonda kudzera chakukhungu, mawaya amafunika awiri m'malo mwa atatu, ndipo palibe karenti yongopita n'kubwerera imene tiifotokoze m'funso lotsatira. Mawaya a HVDC amataya pafupifupi 3 pa 100 pa makilomita 1,000 alionse.

Vuto lili kunsonga ziwiri za waya. Pamafunika siteshoni yosintha AC kukhala DC, ndi ina yobwezera, ndipo iliyonse ndi yodula komanso imadyako pafupifupi 1 pa 100. Choncho pa mawaya a m'mwamba HVDC imayamba kupindula mtunda ukafika makilomita 600 mpaka 800. Pansi pa nyanja nkhani imasintha, chifukwa chingwe cha AC chokutidwa chimadzaza ndi karenti yake yomwe, moti pakati pa makilomita 50 ndi 100 DC imayamba kuoneka yanzeru. Makina a ku Dogger Bank, amene ali makilomita oposa 100 kuchokera kugombe la England, amatumiza magetsi kumtunda pa HVDC. Chingwe cha Western Link, cha makilomita pafupifupi 420, chimadutsa pansi pa nyanja kunyamula magetsi a mphepo a ku Scotland kupita kumpoto kwa Wales.

Njirayi si yachilendo kuno kwathu. Magetsi a ku Cahora Bassa amachoka ku Songo m'chigawo cha Tete kupita ku siteshoni ya Apollo pafupi ndi Johannesburg, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400, pa DC ya 533 kV, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ndipo ku Suswa komweko ndi kumene kumathera mawaya a HVDC a 500 kV ochokera ku Sodo m'dziko la Ethiopia, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. A ku China ndiwo anafika patali: mawaya a Changji kupita ku Guquan ndi a 1,100 kV, makilomita oposa 3,000, ndipo amanyamula mamegawati 12,000.

Mainjiniya amakonda kutchula reactive power. Ikukhudzana bwanji ndi kutayika?

Mamota, mathiransifoma ndi mawaya enieniwo amafuna karenti ina yongomangira maginito m'kati mwawo, ndipo ndiyo imabweretsa zimene amati reactive power. Karenti imeneyi imapita n'kubwerera, siphika nsima, siyendetsa chigayo, koma imadutsa m'waya ndipo imamutenthetsa monga ina iliyonse. Zili ngati lole ya zakumwa imene theka la malo ake latengedwa ndi makireti opanda kanthu ongoyendayenda: mafuta akutha, matayala akutha, koma katundu wogulitsa ndi wochepa.

Mankhwala ake ndi kupanga karenti imeneyi pamalo pomwe ikufunika m'malo moiitanitsa kutali. Amaika ma capacitor, zipangizo zoipanga, pamene ikusowa ndi ma reactor, zipangizo zoiyamwa, pamene yachuluka, kapena makina ofulumira otchedwa STATCOM amene amasintha okha m'kuphethira kwa diso. Waya wautali amakhala ndi makhalidwe awiri: mphepo ikazizira ndipo waya alibe katundu, voltage kunsonga imakwera, mphepo ikalimba ndipo waya wadzaza, voltage imagwa. Popanda makina owongolera, oyendetsa giridi (mawaya onse olumikizana a dziko) amakakamizika kuchepetsa magetsi olowa. Makina a mphepo amakono ali ndi zipangizo zotha kuthandiza pa ntchitoyi, ndipo malamulo a magiridi ambiri tsopano salola munthu kulumikiza makina osatha kutero. Ku Hornsea One, malo a makina a mphepo kunyanja ya England, anasankha AC ngakhale mtunda unali wautali, ndiye anachita kumanga nsanja yapadera pakati pa njira, m'nyanja momwemo, yongoyamwa karenti yowonjezerayi.

Kodi m'kati mwa famu ya mphepo (malo amene aimikapo makina ambiri a mphepo) momwemo mumatayikanso magetsi?

Eya. Makina aliwonse amapanga magetsi pa voltage yotsika, kawirikawiri 690 V, ndipo ali ndi thiransifoma yakeyake yokwezera kufika pa 33 kV. Ku Turkana ndiye kuti mathiransifoma mazanamazana, aliyense akudyako usana ndi usiku. Apa kusankha thiransifoma yabwino pogula n'kofunika kuposa kutchipa kwake, chifukwa idzakhala pamoto zaka 20 kapena kuposa. Sabusiteshoni iikidwe chapakati pa makinawo, ndipo waya azinenepa akamayandikira sabusiteshoni popeza kumeneko wanyamula magetsi a makina ambiri. Mafamu atsopano a panyanja anasiya 33 kV n'kuyamba 66 kV, zimene zinadula karenti ndi theka.

Bwanji osangogula waya wonenepa kwambiri basi?

Waya wonenepa amataya zochepa, koma ndi wodula, wolemera, ndipo amafuna nsanja zolimba. Pali malire pamene ndalama yowonjezera pa aluminiyamu imaposa mtengo wa magetsi opulumutsidwa. Cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri n'kuyang'ana mtengo wa tsiku logula lokha, osawerengera magetsi amene wayayo adzataye pa zaka 40. Pa mawaya akale pali njira ina: kuchotsa waya wa mtima wachitsulo n'kuika wa mtima wa kaboni wopepuka, umene umalola aluminiyamu wambiri pa nsanja zomwezo.

Kodi kuzimitsa makina mphepo ikuwomba nakonso ndi kutayika?

M'mabuku a mainjiniya amakulemba padera, koma kwa wolipira bilu n'chimodzimodzi, ndipo nthawi zambiri n'kokulirapo. Mawaya akadzaza, woyendetsa giridi amalamula famu kuti ipotoze mapiko ndi kusiya mphepo idutse.

Ku Texas mphepo ili kumadzulo pomwe mizinda ya Dallas, Austin ndi Houston ili chakum'mawa. Mu 2009 magetsi a mphepo pafupifupi 17 pa 100 anakanidwa chifukwa chosowa podzera. Boma la chigawocho linasankha madera a mphepo yabwino n'kulamula kuti mawaya apite kumeneko, pa ndondomeko yotchedwa CREZ. Anamanga makilomita pafupifupi 5,800, ambiri a 345 kV, pa mtengo wa madola pafupifupi 7 biliyoni, ndipo ntchito inatha chakumapeto kwa 2013. Mu 2014 zokanidwa zinatsika kufika pansi pa 1 pa 100.

Ku China, chigawo cha Gansu chinataya magetsi a mphepo oposa 40 pa 100 mu 2016, ndipo chaka chotsatira mawaya a 800 kV ochokera ku Jiuquan kupita ku Hunan anatsegulidwa. Ku Germany mphepo ili kumpoto, mafakitale ambiri ali kumwera, ndipo mawaya a SuedLink a makilomita pafupifupi 700 anachedwa ndi zaka zambiri, makamaka kuchokera mu 2015 pamene boma linagamula kuti akwiriridwe pansi anthu atakana nsanja. Podikira, amazimitsa makina a mphepo kumpoto n'kuyatsa masiteshoni a gasi kapena malasha kumwera, ogula n'kulipira mbali zonse ziwiri. Ku South Africa, pa mpikisano wachisanu ndi chimodzi wa boma wogula magetsi kwa makampani mu 2022, palibe famu ya mphepo ngakhale imodzi imene inasankhidwa, chifukwa mawaya a Eskom, kampani ya boma ya magetsi ya dzikolo, m'zigawo za Eastern Cape ndi Western Cape anali atadzaza kale.

Mabatire angathetse vutoli?

Amathandiza, koma tisawapatse ulemu wopitirira. Batire yoikidwa pafamu imasunga magetsi pa ola la mphepo yamphamvu n'kuwatulutsa mphepo itazizira, motero karenti m'waya imayenda mosadumphadumpha ndipo magetsi amene akanakanidwa amapulumuka. Batire ya ku Hornsdale ku South Australia, imene inatsegulidwa mu 2017 pafupi ndi famu ya mphepo ndi mphamvu ya mamegawati 100, inatchuka chifukwa chogwira giridi mwachangu ikagwedezeka. Koma batire nayonso imadya: mukaikamo mayunitsi 100 mumatulutsa pakati pa 85 ndi 90. Kuigula n'cholinga chongopulumutsa maperesenti atatu otenthera m'waya n'kuluza. Imapindula pamene ikupulumutsa magetsi amene akanatayika onse. Komanso batire ya maola awiri kapena anayi singasunge mphepo ya sabata yathunthu.

Akuti mphepo yomweyo imaziziritsa mawaya. N'zoona?

N'zoona. Malire a karenti imene waya amaloledwa kunyamula amachokera pa kutentha kwake, chifukwa waya akatentha amatalika n'kulendewera pafupi ndi mitengo ndi madenga. Yang'anani mawaya masana a mwezi wa October, mudzaona kuti mimba yake yatsika kuposa m'mawa wa June. Kale malirewo ankaikidwa poganizira tsiku lotentha lopanda kamphepo. Koma ola limene makina akupanga magetsi ambiri ndi lomwenso mphepo ikuwomba pamawaya a kufupi. Makampani ena, monga Elia ya ku Belgium, amamangirira timakina toyeza pawaya n'kumakweza malirewo mogwirizana ndi nyengo. Dziwani kuti njirayi imachepetsa magetsi okanidwa, koma otenthera m'waya amakwera popeza karenti yachuluka. Phindu limaposabe, ndipo zimatheka m'miyezi yochepa popanda kusamutsa munthu.

Amalipira magetsi otayikawa ndani?

Pomalizira pake ndi wogula, kudzera pa mtengo wa yunitsi. Komabe mayiko ena amakonza zoti womanga famu amve nawo ululu wa mtunda. Ku Australia bungwe la AEMO limapatsa siteshoni iliyonse nambala yosonyeza kuchuluka kwa magetsi otayika kuchokera pamalo ake, ndipo malipiro amachulukitsidwa ndi nambalayo. Nambala ikakhala 0.90, pa mayunitsi 100 mumalipidwa a 90. Amaiwerengera chaka ndi chaka, moti anzanu akadzamanga pafupi nanu n'kudzaza waya yemweyo, nambala yanu imatsika. Eni mafamu amadandaula kuti zimavuta kukonzekera, ndipo dandaulo lawo n'lomveka. Ngakhale zili choncho, njirayi imaphunzitsa womanga kuti malo a mphepo yocheperako pafupi ndi mawaya amphamvu akhoza kupindulitsa kuposa malo a mphepo yambiri kuchipululu.

Nanga kuba magetsi kukulowa pamenepa?

Ayi. Kulumikiza mozemba, kuseweretsa mita ndi kusalipira zimachitika pa mawaya ang'onoang'ono a m'matauni, ndipo mankhwala ake ndi mamita abwino ndi lamulo. Palibe angakole waya pa 400 kV.

Kodi ku Malawi nkhaniyi ikutikhudza, poti mafamu aakulu a mphepo kulibe?

Vuto la mtunda tili nalo kale. Masiteshoni akuluakulu a EGENCO, Nkula, Tedzani ndi Kapichira, onse ali pa mtsinje wa Shire kumwera, ndipo kwa zaka zambiri magetsi opita ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ankadalira mawaya a 132 kV ndi 66 kV. Mawaya a 400 kV ochokera ku Phombeya ku Balaka kupita ku Nkhoma, a makilomita 173, amene anatha mu 2018 ndi thandizo la bungwe la boma la United States la Millennium Challenge Corporation, anamangidwa kuti achepetse vuto lomweli.

Pa giridi yotere, siteshoni yatsopano yoikidwa chapakati kapena kumpoto ikhoza kuchepetsa kutayika, chifukwa magetsi ochokera ku Shire sayeneranso kuyenda ulendo wonsewo. Magetsi a dzuwa a ku Salima, mamegawati 60, amalowa m'giridi chapakati pa dziko, ndipo a ku Golomoti, mamegawati 20, anabwera ndi batire yake. Famu ya mphepo ingachitenso chimodzimodzi ngati kukula kwake kukugwirizana ndi waya amene ikulumikizako. Ikakula kuposa zimene dera lake limagwiritsa ntchito, magetsi amayamba kubwerera kumwera pa waya woonda ndipo zotayika zimakweranso. Choncho wofuna kumanga asangoyeza mwera pachitunda kwa chaka chathunthu. Apitenso ku ESCOM akafunse kuti sabusiteshoni yapafupi ingalandire mamegawati angati, pa voltage yanji, komanso kuti mawaya okwezedwa adzafika liti kumaloko, ndipo tsiku limenelo lilembedwe mumgwirizano pamodzi ndi amene adzalipire likadzaphonyeka.